Sanda ya Nangumi

Wattville, Benoni
2 Malichi 1997

...ndiye fosholo inangoti ngwee! mkono kuchita dzanzi mpaka m'khwapa. Ine n'kuti mwala. Kufukula ndi manja, si mwala ayi, fupa! Koma fupa lake, amake Haruna, ngati mtondo wa amayi anu uja mumasinjamo anthu awiri.

Iii, taonani mwano, ndayambira nkhani pakati osapereka moni. Salamu alaikumu, Mwanaidi wanga, duwa la ku Namwera. Muli bwanji pamodzi ndi bwana wamng'ono Haruna? Nanga mwendo wa amayi? Ine kuno ndili bwino kwabasi, ndanenepa mpaka batani la buluku linathothoka n'kukagenda mzungu wodutsa pamsewu.

Kalata yachedwa chifukwa sindinali kuno. Kapitawo wathu Peterson anatikweza pa lole pamodzi ndi chikatapila chake, kukakumba damu pa pulazi ya mlamu wake kupitirira Kepitauni uko. Dziko la tirigu, lopanda mtengo wobisalapo, mchenga woyera ngati ufa. Kumeneko ndiko fosholo yanga inalira. Titafukula bwino tinapeza msana wathunthu, mafupa atandanda ngati zidebe pa mjigo, nthiti imodzi kutalika kuposa ine. Zonse zitasanduka mwala.

Anzanga anangoti kukamwa yasa, koma ine ndinazindikira pomwepo. Paja ku madrasa ankatiuza kuti Nabii Adamu anali wamtali mikono makumi asanu ndi limodzi, ana ake n'kumafupika pang'onopang'ono mpaka kufika pa achimwene anu. Ameneyu ndi mmodzi wa ana oyambirira aja. Peterson anangoti, "Gafa, kwirira, tseka pakamwa. Aboma akamva, ntchito iima." Basi chikatapila n'kukankhira mafupa aja m'khoma la damu ngati zinyalala.

Mtima unandipweteka, Mwanaidi. Ine ndakumba manda a theka la Namwera, sindinapondepo fupa la munthu. Anzanga akudya, ndinatola zimene ndinatha: mafupa awiri a msana, chidutswa cha nthiti, ndi china chozungulira ngati chibakera, cholemera zedi, ndikuti ndi mtima wake. Ndinabisa m'matumba a simenti. Pano a Mkulu ali pansi pa bedi langa, ndawagulira sanda yoyera ku Actonville, ndikufuna aikidwe ngati munthu. Mlendo wabwino, sadya, saliza mkonono, sabwereka sopo.

Nyanja ya mchere ndinaionanso. Ndinasambamo, ndinachapamo malaya anga abuluu aja, thovu la sopo mpaka m'khosi. Ndinayang'ana uku ndi uku mpaka kumathero kwake, koma nangumi wa amalume anu a Che Abdulhamid sindinamuone. Paja amati ali ku Debeni ankaona azungu akusenda nsomba yaikulu ngati sitolo, ya zala ngati munthu, yoyamwitsa ana ngati mbuzi, iwo n'kumadyera pa mbale yochokera pa msana wake. Muwauze kuti nsomba yawoyo ndinaipeza ili pa tchuthi.

Dickson wa ku Zomba, uja amanyamula katundu wa majoni, akupatsani bulangete, nsapato za Haruna ndi marandi 150. Mugule malata awiri, otsalawo sopo ndi mchere. Njinga musabwereke munthu. M'nsapato yakumanja muli dzino limodzi la a Mkulu, la makona atatu, analipo ambiri mumchengamo. Haruna aone kuti bambo ake amacheza ndi ziphona.

Ndine wanu wokongola uja,
Gaffar

Wattville
30 Malichi 1997

Amake Haruna,

Moni wa mafuta kwa inu ndi onse pakhomo. Ine ndili bwino, kupatula chala chimene chinakangana ndi chitseko cha lole. Chitseko ndicho chinapweteka kwambiri.

Kalata yanu yafika. Koma inu, kodi kalata ya mwamuna amawerenga mokuwa pakhonde ngati muli Sitandade 3? Ndiye mukuti amalume anali pa mkeka pomwepo, anamva za tchuthi cha nsomba, ananyamuka osatsiriza tiyi. Pepani. Ndimaseka chabe. Iwonso amadziwa kuti mudzi wonse umaseka nkhani imeneyo, ngakhale pa ukwati wathu tinaseka mpaka a Shehe kutsamwa mpunga.

Za kutentha thupi kwa Haruna sizinandisangalatse. Nyengo ino ndi ya udzudzu. Musadikire, pitani naye kuchipatala, malata adikire.

Nkhani ya maliro a Mkulu yavuta. Ndinapita kwa a Shehe Hussaini, munthu wa ku Ntaja amene amaitana azana, kuitanira anthu ku mapemphero, pa mzikiti wa ku Actonville. Anandifunsa, "Wamwalira ndani?"

"Mkulu wina."

"Dzina?"

"Sanandiuze."

"Wamwalira liti?"

"Kale ndithu, a Shehe. Chigumula cha Nuhu chisanagwe."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana ngati ndamwa. Ndinawatengera kuchipinda, ndinavundukula sanda. Anayang'ana mafupa aja n'kuti, "Gaffar, swala ya jeneza sitichitira chinthu chimene sitikuchidziwa. Ukadzapeza kuti ndi njovu? Ndiponso kumanda kuno salowa munthu wopanda pepala la dokotala ndi chiphaso."

Ndiye mwaona, tili awiri m'chipinda muno opanda mapepala. Apolisi akagogoda sindikudziwa ayamba kunyamula uti.

Njovu ayi, ndakana. Ndinayeza fupa limodzi ndi chikhatho, ndinadzigwira msana kuwerenga anga, ndinachulukitsa. A Mkulu akaimirira angathe kuyatsa ndudu pa nyali zazitali za ku Tembisa zija, ngakhale sindikhulupirira kuti ankasuta.

Lachinayi lililonse ndimawafukizira lubani pang'ono. Mwini nyumba, MaSithole, wayamba kununkhiza pakhomo panga. Dzana anati, "Wena Malawi, ukuphika chiyani chosatuluka m'poto?" Ndinati ndi mankhwala a chimfine. Mayi ameneyu ndi wabwino, koma maso ake amalowa pa kabowo ka kiyi thupi n'kutsala panja. Lendi wakweza, pano ndi marandi 90, buledi nayenso wakwera. Za kuntchito zili bwino, kungoti Peterson masiku ano amawerenga matumba a simenti.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ili ndi bere. Mumpsompsone Haruna pamphumi, mumuuze kuti bambo ake akubwera ndi ndege yawoyawo.

Wanu,
Gaffar

Pa mzikiti wa ku Actonville
27 Epulo 1997

Mwanaidi,

Salamu. Ndikhulupirira Idi munadya bwino. Ine ndili moyo. Makalata muzitumiza kwa a Shehe Hussaini, ku Wattville ndinasamuka.

Ndinasamuka mofulumira pang'ono. MaSithole analowa kukasesa ine kulibe, tsache linakoka sanda. Pobwera ndinapeza anthu adzaza bwalo mpaka pamsewu. Mawu amene ankanena simungawamve, koma awiri ndikumasulireni: lina ndi kwerekwere, ndiye kuti ife obwera, lina ndi muti, ndiye kuti mankhwala a ufiti. Wina anali ndi chigubu m'manja. Sindinafunse kuti muli chiyani. A Shehe anafika ndi amwenye awiri pa galimoto, ine ndinatuluka ndi wilibala, a Mkulu ali momwemo. Wailesi ija ndimati ndidzabwere nayo iwalani. Zina ndidzakuuzani tili pa mkeka.

Pano ndikugona m'kachipinda kosungiramo jeneza yonyamulira maliro, kuseri kwa mzikiti. A Mkulu afika pafupi ndi kwawo, koma osalowa.

Tsopano zimene wandiuza Dickson. Akuti iye yemwe, pakamwa pake ngati chitseko cha basi, anafotokoza pa msika wa Namwera kuti ndimagona ndi mafupa okulunga m'sanda. Akuti amalume anapeza dzino lija m'manja mwa Haruna ali chigonere, anati ndi chizimba, ine ndakhwimira chuma pa mwana wanga. Akuti ndilembe talaka yokusudzulani ndimpatsire Dickson, apo ayi mukakolola aitana ankhoswe, ukwati uthe, inu ndi mwana musadzandionenso.

Chuma chake chiti, Mwanaidi? Mabulangete awiri ndi pulayimasi yotsekeka? Wokhwima amayenda ndi wilibala yobwereka?

Haruna ndi diso langa. Tsiku lija anabadwa ndinathamanga kuchokera kudimba opanda nsapato, inu mukudziwa, minga ina ikadali m'phazi. Talaka sindilemba. Cholembera changa chinalekera Sitandade 5, liwu limenelo sichinaphunzire.

Kodi mwapita naye kuchipatala? Dickson akuti amalume akukaniza, akuti matenda otumizidwa safuna jakisoni. Inu ndinu mayi wake. Kwerani njinga ija m'mawa, musapemphe chilolezo kwa wina aliyense. Mwezi uno ndatumiza marandi 60 okha, musafunse.

Ndine yemwe uja munasankha nokha pa chitsime,
Gaffar

Actonville
18 Meyi 1997

Amake Haruna, mfumukazi yanga,

Moni. Alhamdulillah pa mawu anu achidule aja, kuti munakwera njinga mbandakucha, adokotala anapeza malungo, mwana akumwa phala. Ndinawerenga kasanu, a Shehe mpaka anandilanda kuti pepala lingang'ambike. Ine ndili bwino. Kuntchito ndikupumako pang'ono. Peterson anamva za ku Wattville, anati ndipume ndithu.

Kwabwera dokotala wa a Mkulu! Ndi Tasneem, mwana wa a Ismaili a sitolo ya nsalu, komwe ndinagula sanda kuja. Mtsikana wochepa ngati inu, wa mpango wake bwinobwino, koma akuphunzira mafupa akale ku yunivesite ku Joni. Taganizani, sukulu ya mafupa! Tinalankhula Chingerezi, changa chinamuposa mpaka a Shehe ankathandiza kumumasulira.

Anagwada, anavundukula sanda ndi ulemu, ndinamukonda pomwepo. Anatulutsa m'chikwama kafupa kapulasitiki ka msana wa munthu, kochepa ngati dzira, n'kukaika pambali pa la a Mkulu.

"Malume Gaffar, taonani. Ka munthu kali ndi tingowe tokolana ndi kanzake, kuti msana usagwe munthu akaimirira. Ng'ombe ili nato, njovu ili nato. Ili lanu lilibe, ndi losalala uku ndi uku ngati ng'oma. Chinthu ichi sichinaimepo ndi miyendo."

Ine ndinati, "Mwina anali wolumala."

Anaseka mpaka mpango kutsetsereka. Kenako anatenga singano, anakolokosa mchenga wa m'timabowo ta fupa, anandipatsa galasi lokulitsa zinthu. Mwanaidi, mumchengamo munali tizigoba ta nkhono tating'ono ngati mapira! Anafunsa kuti dothi linali lotani, tinakumba kuya bwanji, mafupa anagona chotani. Ndinajambula pansi ndi chala, ndinatchula pulazi. Pamenepo nkhope inasintha, anandikalipira ngati mlongo wanga, akuti mafupa otere lamulo limaletsa kuwachotsa pamalo pake. Ndinati akanakhala pamalo pake bwenzi ali m'khoma la damu.

Mano aja ndinatola mumchenga, limodzi lili kwanuko, akuti si a Mkulu ayi. Ndi a nsomba yolusa ya m'nyanja ya mchere, amaitcha shaki. Anandionetsa m'mphepete mwake mokhala ngati sowo, kenako anandionetsa mikwingwirima pa nthiti ija, yofanana ndendende. Ndiye kuti ine ndinatumizira mwana wanga dzino la amene anadya a Mkulu. Muwauze amalume zimenezo, chizimba chawocho ndi dzino la nsomba.

China ndinkabisa. Tsiku la wilibala, fupa limodzi linasweka, kumapeto kwake kunachoka chimbale chozungulira. Ndinalira, ndimati ndathyola msana wa kholo langa. Tasneem anachitembenuza n'kunena kuti, "Simunathyole. Chimbalechi chimamatirira nyama ikatha kukula. Iyi inafa isanathe."

A Mkulu anga, amene ndimawapatsa moni m'mawa uliwonse, ndi mwana! Ndinaganiza za Haruna, ndinatuluka panja kukayang'ana magalimoto.

Dzina la nyamayo sanatchule. Akuti akuganizira, koma safuna kunena asanatsimikize. Mwaona kusiyana kwa iye ndi ine? Watenga mtima uja kukaonetsa aphunzitsi ake, akuti umenewo ndiwo uulule.

Chimanga musagulitse ngakhale mavenda abwere ndi nyimbo. Ankhoswe akuti liti? Muwachedwetse, muziti nkhokwe sinathe.

Wanu wosatha,
Gaffar

Actonville
8 Juni 1997

Mwanaidi! Kalata iyi muwerengere m'nyumba, chitseko chotseka, ndi mawu apansi. Moni, moni, ndili bwino, kukuzizira, tiyeni ku nkhani.

Tasneem anabwera Lachisanu itatha swala, ndi chibuku chachikulu ngati mwala wa mphero. Anaika mtima uja patebulo n'kuti, "Uwu si mtima. Ndi fupa la m'khutu. Aphunzitsi anga atangoliona anaimirira. Nyama imodzi yokha padziko ili ndi khutu lotere, lokhuthala mbali imodzi, lopindika ngati nkhono, lomvera pansi pa madzi." Anatsegula buku, khutu lomwelo lili pa chithunzi ngati analijambula pansi pa bedi langa. Anatsegula tsamba lina.

Nangumi.

Ndinakhala pansi, Mwanaidi, pa simenti pozizira. Ndinati nsomba ikatani m'munda wa tirigu, inkalima? Akuti kalekale, zaka mamiliyoni asanu kapena kuposa, nyanja inali pamwamba, pulazi yonse ija inali pansi pa madzi. Kamwana ka nangumi kanafa, ashaki anadya, mchenga unakwirira, nyanja inabwerera m'mbuyo n'kukasiya. Ndinafunsa a Shehe ngati si uja anameza Nabii Yunusu, anati, "Gaffar, usayambenso."

Koma chimene chandisowetsa tulo ndi ichi. Pa tsamba lomwelo ajambula mafupa ake onse. M'chipsepse chake muli zala, Mwanaidi. Zala, ndi mfundo zake, ngati dzanja langali. Ndinafunsa kuti kodi imayamwitsa? Akuti eya, si nsomba kwenikweni, imapuma mpweya, imayamwitsa ana. Ndinafunsa ngati ku Debeni ankazisenda. Akuti eya, kunali malo ake, anatseka iye ali khanda.

Amalume anu sananame. Chibwerereni ku Debeni mudzi wonse ukuwatcha a Che Nangumi, ana kumawaimba kumbuyo, ine mkamwini kumatsogolera kuseka pa ukwati wanga womwe. Munthu amanena zoona yekhayekha mpaka imvi.

Tsopano mverani bwino. M'envelopumu muli zithunzi ziwiri. China ndi ine nditagwada pambali pa mafupa, chimbale chija chili m'manja, taonani kukongola kwa jekete, ndi la a Shehe. China ndi tsamba la buku lija la zala. Musawaonetse msanga. Mugwire tambala wofiira uja, mupite kwa amalume, mukhale pansi, munene kuti, "Mkamwini wanu akufunsa, msana wa nangumi ndi wotani?" Asiyeni afotokoze okha, za mbale ankadyera ija, za zala, zonse, anthu akumva. Akatha, ndiye mutulutse zithunzi.

Ndipo muwauze mawu awa monga ndalembera: Gaffar akuti anaseka chinthu chimene sankachidziwa, wagwada. Mafupa amene anasunga si a munthu, ndi mboni yanu imene inachedwa panjira.

Akakana, sindikudziwanso. Koma yesani, mayi. Inu mumatha kulankhula ndi nkhalamba ija kuposa aliyense.

Ndalama mwezi uno palibe, zithunzi zadya. Ndikusesa pa mzikiti, sindigona ndi njala kwenikweni.

Gaffar wanu

Actonville
6 Julayi 1997

Amake Haruna,

Moni. Muli bwanji? Ndikufunsa zenizeni, chifukwa Dickson wabwera manja ali m'thumba, akuti ku Namwera sanafike, galimoto inafera ku Liwonde, envelopu anapatsira munthu wa minibasi. Kaya inafika, kaya ili m'thumba la kondakitala.

Kuno kukuzizira koti mawu akatuluka m'kamwa amagwa pansi n'kusweka, timachita kuwatola kukawotha pa mbaula kuti timve zimene mnzathu wanena. Ndikutsokomola pang'ono, si kanthu.

A Mkulu anapita. Anabwera aphunzitsi a Tasneem ndi galimoto, mzimayi wachizungu wa nsapato zazikulu ngati za msilikali. Anandigwira chanza, anati anzawo a ku Kepitauni apita kale ku pulazi ija, mwini wake wavomera kuti akumbe m'mbali mwa damu. Ankafuna ndipite nawo kukaloza malo. Ndinati ndili ndi ntchito zambiri. Tasneem anandiyang'ana, anamvetsa. Pamsewu wautali pamakhala mafunso ambiri.

Ankafuna kuika mafupa m'mabokosi opanda kanthu. Ndinati ayi, mwana uyu wagona m'sanda imeneyi chichokereni mumchenga, apite nayo. Mzungu uja sanaseke. Anathandiza kukulunga, ine ndinamanga mfundo zake monga timangira. A Shehe anangoima pakhomo, swala sanachite, koma kofia anaikonza bwino pamutu.

M'kachipindamu mwatsala ine ndi jeneza. Ndimadzuka kuti ndipereke moni, palibe womupatsa.

Ndikudziwa kuti mwakolola kale. Ngati ankhoswe anakhala, ngati zinatha, wina andiuze, ngakhale achimwene anu afupi aja. Ndisamagule nsapato za mwana amene sindidzamuyeza phazi. Koma talaka, ndanena kale.

Ndine,
Gaffar

Actonville
10 Ogasiti 1997

Mwanaidi, Abiti Yusufu, nyenyezi ya Namwera, Mangochi ndi Malawi yense mpaka ku Mozambiki,

Salamu alaikumu! Kalata yanu ya masamba anayi yafika. Ndinakuwa mpaka nkhunda za pa mzikiti zinasamukira ku Boksburg, sizinabwerebe. Ine ndili bwino, chifuwa chinathawa chitangomva nkhani. A Ismaili andilemba ntchito yonyamula mipukutu ya nsalu pa sitolo, ndiye posachedwa sitoloyo ikhala yanga.

Koma inu ndinu woopsa! Ine ndinati mupite kwa amalume kunyumba kwawo ndi tambala, inu n'kudikira tsiku lenileni la ankhoswe, anthu atadzaza pansi pa mango, ndiye n'kufunsa funso lija pamaso pa onse. Ndawerenga ndime imeneyo mpaka ndailoweza. Akuti anthu anayamba kuseka monga mwa masiku onse, amalume anakwiya, anaimirira, anajambula msana pansi ndi ndodo, anaonetsa ndi manja kukula kwa mbale, anatambasula zala. Inu n'kutulutsa zithunzi. Akuti chithunzi chinayenda dzanja ndi dzanja, kuseka n'kumazima ngati moto wothiridwa madzi, mpaka chinafika kwa iwo. Ndipo mukuti anachiyang'ana nthawi yaitali, anapukuta m'maso ndi kofia, n'kunena kuti, "Ndi yomweyo. Koma iyi ndi yaing'ono."

Yaing'ono! Ndi mwana, ndinanena kale. Koma asiyeni, ayenera.

Ndiye mlandu wa ukwati unasanduka sukulu ya nangumi mpaka dzuwa kupendeka, ankhoswe anabwerera osatchula talaka, tambala anadyedwa. Mukuti pano amayenda ndi zithunzi m'thumba la mkanjo, pa msika, pa maliro, pa chigayo, aliyense amene anasekapo akumuimitsa. Dzino la shaki alanda, akuti mwana angadzicheke. Musalimbane nawo, Haruna ndimugulira galimoto ya waya ya matayala a labala. Akuti akuthamangitsa mbuzi? Mwana wa bambo ake ameneyo. Inu ndi njinga ija ndi amene munamuchiritsa, ndidzanena zimenezo pamaso pa aliyense.

Dickson akupatsani marandi 120, mpango wobiriwira wanu, ndi nsalu yoyera ya mkanjo wa amalume, yochokera pa mpukutu womwe uja ndinadulitsa sanda, koma zimenezo musawauze. Malata tiyambirenso. Mbuzi yaswa angati? Ndikubwera Disembala, Mulungu akalola, ngakhale wapansi.

Tsopano funso la amalume limene mwalemba kumapeto. Akuti nkhani zonse amva, andikhululukira, koma chinawakayikitsa kuyambira tsiku loyamba ndi chimodzi. Iwo anachapa zovala ku Debeni zaka zambiri, sopo m'madzi a mchere sachita thovu. Ndiye akufunsa kuti mkamwini anagwiritsa sopo wanji.

Nkhalamba imeneyi!

Chabwino. Iyi muwerenge pakhonde, mokuwa monga mumachitira. Nyanja sindinaione. Inali kuseri kwa zitunda za mchenga, Peterson sanatipatse ngakhale Lamulungu limodzi. Mphepo ikatembenuka madzulo ndinkangomva fungo lake, ngati la usipa wonyowa, ndi mchere pamilomo. Malaya abuluu ndinachapira m'mgolo wa dizilo.

Ndiye pa Namwera ponse woona nyanja ya mchere ndi mmodzi yekha. Muwauze andisungire malo pa mkeka, pafupi ndi iwo. Ndikabwera andifotokozere kuyambira pachiyambi, ine ndikhala chete.

Mwina osati chete kwenikweni.

Wanu mpaka mafupa anga adzasanduke mwala,
Gaffar